Funsani Tikuyankheni: Fodya wa zaka zambiri amasiyika bwanji?

Makalata ambiri a mwezi uno akukamba za fodya. Ena alemba ndi osuta eni ake, ena ndi akazi awo kapena ana awo. Tasankhapo asanu ndi awiri, ndipo mayina tawachotsa monga mwa nthawi zonse.

Ndili ndi zaka 47, ndinayamba kusuta ndili ndi 21. Pa tsiku ndimamaliza mishanga 25, nthawi zina 30. Ndikangodzuka ndimayatsa ndisanasukusule n'komwe. Ndayesa kusiya katatu, koma likafika tsiku lachitatu mutu umawawa, ndimakalipira aliyense, mpaka mayi a kunyumba amanena okha kuti bola ndingosuta. Kodi mtima wanga ndiwo wofooka? — Bambo wa ku Kapata, Chipata

Bambo, vuto si mtima wanu. M'kalata yanuyi mwatchula zinthu ziwiri zimene achipatala amafunsa akafuna kudziwa kuti fodya wamugwira munthu kufika pati: ndudu zingati pa tsiku, ndiponso papita nthawi yotani kuchokera podzuka kufika pa ndudu yoyamba. Amene amapitirira 20 pa tsiku, n'kumayatsa mphindi 5 zisanathe chidzukireni, ndiye wagwidwa kwambiri. Munthu wotere akangolumbira usiku, n'kudzuka m'mawa wopanda dongosolo lililonse, kawirikawiri amagwa pomwe inu mumagwerapo.

Mukakoka utsi, nikotini, yemwe akuluakulu amati chikonga, amafika ku ubongo masekondi 20 asanakwane, mtima n'kukhala pansi. Koma sakhalitsa. Pakapita maola awiri theka lake limakhala litachoka m'magazi, ndipo ubongo umayamba kuitanitsa wina. Usiku wonse simusuta, n'chifukwa chake m'mawa thupi limadzuka ndi njala ya nikotini kuposa ya phala. Mtendere umene mumamva mukayatsa ndi wa fodya kuzimitsa moto umene anayatsa yekha.

Pamwamba pa njala ya thupiyo pali chizolowezi. Ndudu imodzi munthu amaikoka pafupifupi ka 10. Zanu 25 ndiye kuti dzanja limapita kukamwa ka 250 pa tsiku, kupitirira ka 90,000 pa chaka, kwa zaka 26. Tiyi, nsima, chimbudzi, foni, ukali, chimwemwe, zonsezi ubongo wanu unazimangirira ku ndudu. Choncho adani ndi awiri, ndipo aliyense ali ndi mankhwala akeake. Wa m'magazi tikamba m'funso lotsatirali. Apa tikambe za nthawi ndi chizolowezi.

Zowawa za kusiya zimayamba tsiku loyamba lomwelo, zimafika pachimake tsiku lachiwiri ndi lachitatu, zimayamba kutsika sabata yoyamba ikatha, ndipo kwa ambiri zimakhala zitazilala pakati pa masabata awiri ndi anayi. Mutu, ukali, kusowa tulo, kulephera kuika maganizo pa ntchito, kudzimbidwa, zonsezi n'zodziwika ndipo zimatha. Katatu konse inu munabwerera ngati munthu wokwera phiri la Kanjala amene watembenuka atatsala pang'ono kufika pansonga. Chibaba chenichenicho, chija chimagwira pakhosi, nthawi zambiri chimakhala mphindi 3 mpaka 5, kenako chimatsika chokha kaya mwasuta kaya simunasute. Chimabweranso, inde, koma tsiku ndi tsiku chimabwera motalikirana.

Sankhani tsiku la mkati mwa masabata awiri akudzawa. Mukaika patali, tsikulo silifika. Lisakhale la kumapeto kwa mwezi pomwe ndalama ili m'thumba ndipo anzanu akuitanizana, lisakhalenso la sabata ya ukwati kapena ya ulendo wautali. Masiku atatu tsikulo lisanafike, nyamulani kapepala m'paketi, ndipo ndudu iliyonse muzilemba nthawi, malo ndi amene munali naye. Mudzapeza kuti pa 25 zija, zisanu kapena zisanu ndi imodzi ndizo zolimba, zinazo zimangotsatira. Iliyonse mwa zolimbazo muikonzere cholowa m'malo mwake. Ya m'mawa: mukadzuka pitani molunjika kukasamba ndi kutsuka mano, musakhale pakhonde paja. Ya pambuyo pa nsima: mukangosamba m'manja imirirani, tsukani m'kamwa, yendani mphindi 10. Ya pantchito: khalani ndi nshawa zosasenda kapena nzimbe, kuti manja ndi pakamwa zonse zipeze chochita. Mswachi wa mtengo nawo umathandiza chifukwa umakhala pamilomo ngati ndudu.

Usiku womaliza, ndudu zotsala ziviikeni m'madzi, musapatse mnzanu kuti akusungireni. Machesi ndi laita zichoke m'thumba. Jekete, chipewa ndi mabulangete zichapidwe. Kenako pitani pa kantemba pamene mumagula, mukawauze kuti asakugulitseninso, ngakhale pangongole. Kuno kwathu mishanga yogulitsa umodziumodzi ndiyo imabweza anthu ambiri, chifukwa munthu amadzinamiza kuti sanagule paketi.

Chibaba chikabwera, yang'anani nthawi pa foni, chokani pamalo pamene mwaimapo, imwani madzi pang'onopang'ono, pumirani mkati mukuwerenga kufika 4, n'kutulutsa mpweya mukuwerenga kufika 6, kubwereza ka 10. Mukayang'ananso foniyo, chikhala chikutsika.

Pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuchotsa msanga mphamvu ya khofi ndi tiyi m'thupi. Mukasiya, kapu yomweyo imakugwirani pafupifupi kawiri, ndiye mtima umagunda, manja amanjenjemera, tulo timathawa, inu n'kumati ndi fodya. Chepetsani ndi theka tiyi, khofi ndi zakumwa zija amati zopatsa mphamvu, ndipo masana akapita musamwenso.

Mayi a kunyumbawo awerengereni yankho ili. Akamati bola musute, akugula mtendere wa tsiku limodzi. Apempheni masabata awiri, ndipo mugwirizane kuti ukali ukakwera inu muzituluka panja osayankha. Lamulo lalikulu ndi limodzi: kuyambira tsiku lija, osakoka ngakhale kamodzi. Ambiri amene amalawa ndudu imodzi m'masabata oyambirira amabwerera ku paketi.

Atate anga amasuta paketi ndi theka pa tsiku. Ku famase ndinaona zigamba zomata pakhungu ndi chingamu cha nikotini. Kodi si kuchotsa poizoni ndi poizoni mnzake? Komanso mnzawo wina anayesa chingamucho, akuti chinangomupatsa mseru. — Mwana wamkazi wa ku Kalongwezi

Chemwali, mwachita bwino kufunsa musanagule. Nikotini ndi amene amamanga munthu, koma chimene chimapha kwambiri ndi utsi. Muli mankhwala opitirira 7,000, pafupifupi 70 mwa iwo oyambitsa khansa, kuphatikizapo phula lomata m'mapapo ndi mpweya wa carbon monoxide umene umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Chigamba ndi chingamu zimapereka nikotini yekha, wochepa, wolowa pang'onopang'ono, kuti munthu alimbane kaye ndi chizolowezi thupi lisakulira. Zimawonjezera mwayi wosiya ndi theka kapena kupitirirapo, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaziika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2009.

Zigamba zofala zimabwera pa 21 mg, 14 mg ndi 7 mg. Wosuta ndudu zopitirira 10 pa tsiku amayambira pa 21 mg kwa masabata 6, kenako 14 mg masabata awiri, n'kumaliza ndi 7 mg masabata awiri. Chigamba amamata m'mawa pakhungu louma, lopanda cheya, kumtunda kwa mkono, pachifuwa kapena pamsana, n'kusindikiza ndi chikhatho masekondi 10. Asadzole mafuta pamalopo, apo ayi chimatuka, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala pomwe thukuta limachuluka. Tsiku lililonse malo atsopano, ndipo pamene panali dzulo papume sabata, kupewa kuyabwa. Asachidule pakati pofuna kusunga ndalama. Akamalota maloto ovuta kapena kusowa tulo, azichotsa pogona. Chotha ntchito achipinde n'kuchitaya kutali ndi ana, chifukwa chimatsalabe ndi nikotini wokwanira kudwalitsa mwana.

Chigamba chimatenga maola kuti chifike pa mphamvu yake, ndiye kwa munthu wa paketi ndi theka chokhachokha sichikwanira. Njira yogwira bwino ndi kuphatikiza: chigamba tsiku lonse, chingamu pamene chibaba chakwera, makamaka m'mawa. Chingamu chilipo cha 2 mg ndi cha 4 mg. Amene amayatsa mphindi 30 zisanathe atadzuka, cha 4 mg ndicho chake akamagwiritsa chokha. Pamodzi ndi chigamba, ambiri amayambira pa 2 mg.

Mnzawo wa mseru uja n'kutheka kuti ankatafuna ngati chingamu wamba. Akatero, nikotini amapita m'mimba pamodzi ndi malovu, n'kubweretsa mseru ndi chilungulira, chibaba chili chikhalire. Chimafunika kutafuna pang'onopang'ono mpaka m'kamwa mumveke kuyabwa ngati tsabola, kenako kuchiika pakati pa tsaya ndi nkhama. Kuyabwako kukatha, atafunenso pang'ono n'kuchibweza kutsaya, mpaka mphindi 30. Kwa mphindi 15 asanatafune ndiponso pamene akutafuna, asamwe khofi, zakumwa za m'botolo kapena chilichonse chowawasa, chifukwa zimatsekereza nikotini kulowa. Asapitirire chiwerengero cholembedwa pa paketi. Ngati mano ndi oikirira, afunse za tija toyamwa ngati switi.

Zolakwika zazikulu ndi ziwiri: kugwiritsa ntchito zochepa poopa, ndi kusiya pakatha masabata awiri poganiza kuti zatheka. Amalize masabata 10 mpaka 12. Akapunthwa n'kusuta imodzi, asachotse chigambacho, apitirize. Akamva chizungulire, mseru waukulu ndi mtima kugunda kwambiri, mlingo wachuluka, atsike.

Palinso mapilitsi ofuna kalata ya dokotala. Mu Julayi 2024 a WHO anatulutsa malangizo awo oyamba a chithandizo cha kusiya fodya, ndipo pambali pa nikotini uja anatchula varenicline, bupropion ndi cytisine. Varenicline amayamba sabata imodzi tsiku losiya lisanafike, mlingo ukukwera pang'onopang'ono kuchokera pa 0.5 mg kamodzi pa tsiku kufika pa 1 mg kawiri pa tsiku, kwa masabata 12, ndipo amamwa atadya, ndi kapu yodzaza madzi, kupewa mseru. Bupropion sapatsidwa kwa wodwala khunyu kapena amene anakomokapo. Cytisine amamwa masiku 25.

Gulani ku famase yovomerezeka ndi ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala muno mu Zambia, osati pamsika kapena kwa ogulitsa pa Facebook. Ngati alibe, funsani ngati angaitanitse ku Lusaka. Ngati atate anu anadwala mtima kapena sitiroko posachedwapa, aonane kaye ndi dokotala. Ndipo musawagulire mobisa n'kuwadzidzimutsa nazo. Tsiku asankhe okha.

Amene alibe ndalama ya zonsezi asataye mtima, anthu ochuluka anasiya popanda mankhwala, motsatira dongosolo lija la m'yankho loyamba. Koma werengani kaye. Ngati mushanga mumagula K1, wosuta 30 amawotcha K900 pa mwezi, K10,950 pa chaka. Mufunse kuti ndalama imeneyo ndi matumba angati a feteleza.

Ndimalima fodya wa burley, ndipo ndimasuta balani wa m'munda mwanga, wopichira pa pepala la nyuzi. Alibe mankhwala a kufakitale. Ndayamba kuchepetsa, kuchoka pa 15 kufika pa 6. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Kodi sindili panjira yabwino? — Mlimi wa ku Chipangali

Achimwene, kufuna kwanu n'kwabwino, koma pali ziwiri zoti tikonze.

Choyamba, balani sali bwino kuposa wa m'paketi. Poizoni wambiri sachita kuthiridwa kufakitale. Wina ali m'tsamba momwemo, wina amabadwa tsambalo likamapsa. Wopichira pamanja alibe sefa, kawirikawiri amakhala wonenepa, ndipo mukuwotcha pamodzi ndi inki ya pa nyuzi. Musaiwalenso mankhwala amene mumapopera m'munda.

Chachiwiri ndi kuchepetsa. Ubongo umafuna mlingo wake wa nikotini, ndiye ndudu zikachepa munthu mosadziwa amakoka mozama, amasunga utsi nthawi yaitali, n'kusuta mpaka zala kupsa. Zisanu ndi imodzi zanuzo zingakhale zikukupatsani zochuluka kuposa momwe chiwerengero chikuonetsera. Ndipo mtima suwerengera monga timawerengera ife. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2018 anapeza kuti wosuta ndudu imodzi yokha pa tsiku amasenza pafupifupi theka la chiopsezo chowonjezera cha matenda a mtima chimene amasenza wosuta 20. Kuchepetsa kumathandiza ngati kuli ndi tsiku lothera. Lembani tsiku, lisapitirire masabata anayi kuchokera lero, sabata iliyonse muzichedwetsa ndudu ya m'mawa ndi ola limodzi, ndipo tsikulo likafika mutseke. Kuchepetsa kopanda tsiku kumatha pa maliro oyamba kapena pa mkangano woyamba, munthu n'kubwerera pa 15.

Vuto lanu lapadera n'lakuti wa m'tauni amachita kukagula, inu fodya ali pakhomo. Nthawi yabwino ndi pamene mwatha kugulitsa, chigafa chili chopanda kanthu. Zinyenyeswa ndi masamba otsala, amene ambiri amasunga m'thumba kuseri kwa chitseko, zikwirireni kumunda. Za kulima kapena kusalima fodya ndi nkhani ya banja lanu ndi chuma chanu, sitikugamulirani pano. Alipo alimi a fodya amene sasuta.

Nyengo yothyola ikadzafika, chenjerani ndi masamba onyowa. Mame ndi mvula zimasungunula nikotini, ndipo amalowa kudzera pakhungu. Munthu amamva chizungulire, mutu, mseru, mpaka kusanza, ena n'kumayesa malungo. Wosuta thupi lake linazolowera pang'ono, koma mukasiya mungadzazimve kwambiri. Dikirani mame aume, valani malaya a manja aatali ndi magolovesi, mangani pulasitiki pachifuwa ponyamula masamba, vulani zonyowa msanga n'kusamba ndi sopo. Ana asalowe m'munda wa fodya. Khungu lawo ndi thupi lawo laling'ono sizipirira.

Ndasiya masabata atatu apitawo, koma chifuwa chawonjezeka, makhololo akutuluka akuda. Kodi kusiya kwandidwalitsa? — Woyendetsa njinga ya kabaza, Katete

Ayi achimwene. M'njira za mpweya muli ticheya tating'onoting'ono tosesa zinyalala kupita kukhosi. Utsi umatifooketsa. Mukasiya, timadzuka n'kuyamba kusesa za zaka zonse zija, ndiye kutsokomola kumakula kaye kwa masabata angapo, kenako kumachepa pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 9. Imwani madzi ambiri, ndipo musagule mankhwala oletsa kutsokomola.

Komabe pitani mukayezetse makhololo sabata ino. Wosuta ali ndi chiopsezo cha TB pafupifupi kawiri kuposa wosasuta, ndipo choopsa n'chakuti amazolowera kunena kuti n'chifuwa cha fodya mpaka matenda atakula. Chifuwa cha masabata awiri chimayenera kuyezedwa, ndipo m'zipatala za boma kuyeza ndi mankhwala a TB ndi zaulere. Mukaona magazi m'makhololo, thukuta la usiku, kutentha thupi, kuonda, kupweteka pachifuwa, kapena mawu kusasa kupitirira masabata atatu, musadikire. Kwa inu St Francis ili pafupi. A ku Chipata ali ndi Chipata Central ndi Mwami, ndipo kiliniki ya kwanu ikhoza kukutumizani kukajambulitsa chifuwa.

Pa ntchito yanu phindu mudzaliona msanga. Carbon monoxide amatsika m'magazi pakangotha maola 12, ndipo pakati pa masabata awiri ndi 12 magazi amayenda bwino, befu wa pachitunda n'kuchepa.

Ndinakhala miyezi inayi osasuta. Loweruka lina ndinamwa mowa, mnzanga anandipatsa theka la mushanga wake. Lero ndili pa paketi. Ndili ndi manyazi. — Mphunzitsi wa ku Petauke

Aphunzitsi, miyezi inayi ija sinapite pachabe. Mwaona ndi maso anu kuti thupi lanu limatha kukhala popanda fodya, ndipo tsopano mukudziwa dzenje lanu. Ambiri amene anasiyiratu anayesa kangapo.

Mowa umagwira pawiri: umadzutsa chibaba, n'kugonetsa mbali ya ubongo imene imati ayi. Pa miyezi inayi njala ya m'magazi inali itatha, koma ubongo suiwala njira. Theka lija linangotsegula chitseko. Chimene chinakufikitsani pa paketi ndi ganizo la m'mawa mwake lakuti basi zawonongeka kale.

Ikani tsiku lina mkati mwa masabata awiri. Mwezi woyamba musalawe mowa uliwonse, wa m'botolo, chibuku kapena kachasu. Mukadzabwererako, khalani ndi osasuta, dziikireni malire musanayambe, ndipo muchoke msanga. Mawu ake ndi akuti "sindisuta". Mukati "ndikuyesa kusiya", mnzanu amamva ngati mukumupempha kuti akukakamize. Konzekeraninso za maliro, poti amuna amachezera pamoto usiku wonse ndudu ikuyenda dzanja ndi dzanja: nyamulani nshawa kapena chingamu, khalani pafupi ndi oimba nyimbo, kapena dziperekeni pa ntchito yotola nkhuni. Mukadzapunthwanso, tayani zotsala ola lomwelo, musadikire Lolemba.

Ngati mowawo nawo wafika poti m'mawa manja amanjenjemera musanamwe, musausiye mwadzidzidzi muli nokha kunyumba. Kuusiya choncho kungakomole munthu, ndipo kumafuna achipatala.

Akuti mkaka umatsuka mapapo. Ena akuti ndisinthe ndiyambe nsunko kapena vape, ndudu ija ya magetsi. — Mnyamata wa ku Mchini

Mkaka umapita m'mimba, sufika m'mapapo. Ndimu, adyo ndi jinja nazonso sizichotsa phula. Mapapo amadzitsuka okha utsi ukaleka kulowa. Nsunko ndi fodya yemweyo, ndipo soda kapena phulusa limene amasakanizamo limachititsa nikotini kulowa mwamphamvu, kukweza BP ndi kuwononga nkhama. Vape alibe utsi wa moto, koma ambiri amathera pogwiritsa zonse ziwiri, ndipo ya pamsika simudziwa chimene chathiridwamo. Ife sitikulangizani zimenezi pomwe njira zoyesedwa zilipo.

Amuna anga ali ndi zaka 61, amamwa mankhwala a BP ndi a shuga. Akuti pa msinkhu wawo kusiya kulibe phindu, ndipo amaopa kunenepa. Amasutira m'nyumba, tili ndi adzukulu awiri, wina ali ndi mphumu. Ndikalankhula timakangana. — Mayi wa ku Lundazi

Mayi, phindu lilipo, ndipo kwa munthu wa BP ndi shuga ndi lalikulu kwambiri, chifukwa matenda awiriwa ndi fodya zonse zimadya mitsempha yomweyo, ya mtima, ya ubongo, ya impso ndi ya miyendo. Zilonda za kumapazi zosapola, zija zimafikitsa munthu wa shuga podulidwa mwendo, fodya amazikulitsa. Malinga ndi ziwerengero za WHO, wosiya ali ndi zaka 30 amawonjezera pafupifupi zaka 10 za moyo, wa 40 zaka 9, wa 50 zaka 6, wa 60 zaka 3. Pakatha chaka chimodzi, chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika kufika pafupifupi theka la cha wosuta. Mbali ya mapapo imene inawonongeka kale sibwerera, zimenezo tisabise, koma kuwonongekako kumaleka kuthamanga.

Kunenepa kumachitika, kawirikawiri makilogalamu 4 kapena 5 m'chaka choyamba, ambiri mwa iwo m'miyezi itatu yoyambirira. Chakudya chimayamba kukoma, njala imakula, ndipo dzanja limafuna chopita nacho kukamwa. Makilogalamu amenewa sangafanane ndi kuopsa kwa paketi. Kwa iwo a shuga, nzimbe, maswiti ndi vitumbuwa ayi. Nshawa zodzaza chikhatho chimodzi, nkhaka, ndiwo zamasamba zambiri, nyemba, nsima ya mgaiwa mtanda wochepa, ndi kuyenda mphindi 30 pa tsiku. Zimenezi zithandizanso kudzimbidwa kwa masabata oyambirira.

Asanasiye, akawauze a ku kiliniki, ndipo m'masabata oyamba aziyezetsa shuga ndi BP pafupipafupi. Utsi umasintha momwe thupi limagayira mankhwala ena, ndiye ukachoka mlingo ungafunike kusinthidwa. Izi n'zofunika kwa ogwiritsa insulin, warfarin, aminophylline kapena theophylline wa chifuwa, ndi olanzapine kapena clozapine wa matenda a maganizo. Amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a TB apitirize kumwa monga mwa masiku onse, koma atchule kwa dokotala asanapatsidwe mapilitsi osiyira fodya. Ndipo mukaona kuti atasiya akhala okhumudwa kwambiri kupitirira masabata awiri, sakudya, kapena akulankhula zofuna kufa, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Za mkangano, kulalata, kubisa ndudu ndi kuwachititsa manyazi pamaso pa ana sizisiyitsa munthu, zimangomuphunzitsa kusutira kuseri. Yambirani pa chinthu chimene sangakane, chifuwa cha mdzukulu. Utsi wa m'nyumba umadzutsa mphumu, umabweretsa chibayo ndi mafinya m'makutu mwa ana, ndipo kutsegula zenera sikukwanira chifukwa umakakamira m'makatani, m'mipando ndi m'zofunda. Kuyambira 2008 lamulo la dziko lino limaletsa kusuta m'malo opezeka anthu ambiri, koma m'nyumba mwanu lamulo muika ndinu awiri. Apempheni pa nthawi yabwino, atadya, muli awiriwiri, kuti azisutira panja, kutali ndi khomo ndi mawindo, ndipo akamalowa azisamba m'manja n'kuvula jekete asananyamule mwana. Ambiri akayamba kutulukira panja, makamaka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, chiwerengero chimatsika chokha, ndipo nkhani ya tsiku losiya imayambika mosavuta.

Pa ulendo wotsatira wokatenga mankhwala a BP, pitani nawo limodzi, ndipo mupemphe namwino kapena dokotala kuti awafunse za fodya maso ndi maso. Mawu ochepa a wachipatala amalowa pomwe a m'nyumba akanika. Akadzasankha tsiku, ndalama ya fodya ya tsiku lililonse muziika pa foni kapena m'chilimba iwo akuona, ndipo pakatha mwezi agule nayo chinthu chimene asankha okha.